Sabata yoika malikisi okhozera mayeso a anamwino

Ambiri amaganiza kuti malikisi okhozera ndi 50 basi. Koma pepala la mafunso ofewa likhoza kudutsitsa munthu woti sangasamale wodwala, ndipo la mafunso olimba likhoza kugwetsa namwino wabwino. Ndiye sabata ino, pokonza mayeso omaliza ophunzira athu asanakalembe a Nurses and Midwives Council of Malawi, tinatsata njira ya Angoff, yomwe William Angoff anaifotokoza mu 1971.

Lolemba lonse linathera pa funso limodzi: wophunzira wongokwana kumene kukhoza ndi wotani? Tinakhala aphunzitsi pamodzi ndi anamwino a m'mawodi, ndipo tinamvana kuti ndi yemwe tingamusiye yekha usiku pachipatala chaching'ono cha ku East Bank, kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, madzi atadula msewu, iye n'kuzindikira mwana wa malungo aakulu, kuyamba chithandizo choyenera, ndi kudziwa kuti apa mpofunika kutumiza wodwala. Si katswiri ayi, koma savulaza munthu. Gawo ili silofunika kulithamangira, chifukwa oweruza, omwe ndi ife aphunzitsi ndi anamwinowo, akapanda kuona munthu mmodzimodzi m'maganizo mwawo, manambala onse otsatira amakhala opanda pake.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinalowa m'mafunso osankha yankho. Woweruza aliyense amalemba payekha, osaonera mnzake: mwa ophunzira 100 otere, angati angapeze funsoli? Funso la artesunate, mankhwala a malungo aakulu, wa 2.4 mg pa kilogalamu, wobaya poyamba, pakatha maola 12, kenako pakatha maola 24, ambiri analipatsa 80. Koma pa funso lofuna 3 mg pa kilogalamu kwa mwana wosafika makilogalamu 20, wina analemba 40, wina 75. Kusiyana kukaposa 20 timaima, wokweza ndi wotsitsa aliyense n'kupereka chifukwa chake, kenako tonse n'kulembanso. Avereji ya funso lililonse timaiphatikiza ndi ya ena onse n'kugawa ndi chiwerengero cha mafunso, ndipo chotulukacho ndiye malikisi okhozera pa 100.

Zosokoneza n'zodziwika. Woweruza amayamba kulemba zimene wophunzira ayenera kudziwa m'malo mwa zimene angakhozedi, malikisi n'kukwera mopyola. Wamkulu akayamba kuyankhula, achinyamata amangotsatira chifukwa cha ulemu, choncho akuluakulu tiziwapatsa mpata pomaliza. Komanso funso la mayankho anayi, munthu wongolota amalipeza kamodzi pa kanayi, ndiye woweruza akalemba nambala yochepera 25, tibwerere kukaona ngati funsolo silinalembedwe mosokoneza. Limodzi la kolera tinalichotsa chifukwa mayankho awiri onse anali olondola.

Lachinayi kunali OSCE, mayeso ochita ndi manja, omwe wophunzira amadutsa m'masiteshoni, iliyonse ndi ntchito yake: kuika dilipi ya Ringer's lactate, kukonza magnesium sulphate wa mayi woyembekezera wokomoka chifukwa cha BP yokwera, ndi zina. Apa woyesa amachonga mndandanda wa zochita, kenako amapereka chigamulo chake pa wophunzirayo: walephera, ali m'malire, wakhoza, kapena wakhoza bwino. Malikisi a pakati a onse amene ali m'malire ndiwo okhozera pa siteshoni imeneyo. Vuto la kalasi yaing'ono n'lakuti a m'malire akhoza kungokhala awiri kapena atatu, nambala yosati n'kuidalira, choncho tinali titakonzeratu ya Angoff pa siteshoni iliyonse kuti tifanizire. Tinayamba m'mamawa, poti kutentha kwa kuno ku Chigwa cha Shire kukafika masana woyesa amatopa n'kuyamba kuchonga mwachisawawa, ndipo ophunzira omaliza sayesedwa mofanana ndi oyamba.

Lachisanu tinayesa zotsatira ndi njira ya Hofstee. Oweruza amatchula manambala anayi mapepala asanachongedwe: malikisi okhozera otsikitsitsa ndi okweretsetsa amene angavomereze, komanso chiwerengero chochepetsetsa ndi chochulukitsitsa cha olephera. Nambala yathu ya Angoff inagwera mkati mwa malirewo, ndipo tinaisainira mayina a ophunzira akadali obisika. Mapepala a oweruza onse tawasunga, kuti wodandaula akabwera adzaone mmene funso lililonse linayezedwera.