Sabata ya MARK2 ya khoswe mu labu

Cholinga cha sabata ino chinali kuonetsa kuti puloteni ya MARK2 ya khoswe imaphwasuladi ma microtubule, timachubu tomwe timachirikiza selo ndi kunyamula zinthu m'kati mwake. Majini a MARK1 ndi MARK2 anawatenga mu ubongo wa khoswe, ndipo gulu la a Mandelkow ku Hamburg linawalengeza mu 1997. MARK sidula timachubu. Ndi kinase, kutanthauza puloteni yomata kachidutswa kotchedwa phosphate pa mapuloteni ena. Imangomata phosphate pa mapuloteni omwe amagwiriziza timachubuto, monga tau, MAP2 ndi MAP4, pamalo otchedwa KXGS. Pa tau malowo ndi monga serine 262 ndi serine 356, ma amino acid (tizidutswa topanga puloteni) a pa nambala zimenezo. Phosphate ikamata, puloteni imasiya kachubu, kachubuko n'kuyamba kugumuka.

Lolemba tinadzala maselo a CHO (ochokera ku kanyama kotchedwa hamster, owetedwa mu labu) pa timagalasi, m'mbale ya zitsime 24, kuti pofika mawa lake akhale ataphimba pafupifupi 70 peresenti ya galasi. Tinakonzanso tau yopangidwa m'mabakiteriya a E. coli. Iyi ndi ntchito yosavuta chifukwa tau siundana ikatenthedwa: madzi a mabakiteriya ophwanyidwa timawathira NaCl ya 500 mM, n'kuwawiritsa mphindi 20. Mapuloteni ena ambiri amaundana n'kutsikira pansi mu centrifuge (makina ozunguza mwaliwiro), tau n'kutsala m'madzi.

Lachiwiri tinalowetsa DNA m'maselo, 0.5 µg pachitsime. Magulu anali atatu: MARK2 yamoyo (yogwira ntchito), MARK2 yakufa (yosagwira ntchito) yomwe amino acid wake lysine 82 anasinthidwa kukhala arginine, ndi plasmid (DNA yonyamulira jini) yopanda jini.

Lachitatu ndiye panavuta. Patapita maola 16 tinaumitsa timagalasi toyamba, ndipo pa maikulosikopu timachubu tinali tosaoneka bwino m'magulu onse atatu, ngakhale la plasmid yopanda kanthu. Wolakwa sanali MARK2. PBS, madzi amchere otsukira maselo, inatengedwa mu firiji ikadali pa 4°C, ndipo timachubu timaphwasuka tokha pakazizira. Chithunzi chake chimafanana kwambiri ndi chomwe munthu akufuna kuona, moti pakanakhala gulu la MARK2 yamoyo lokha, tikanakhulupirira. Timagalasi tapadera tinatitsuka ndi PBS ya 37°C, kamodzi kokha, madzi akutsikira m'mbali mwa chitsime, kenako tinatiponya msanga mu methanol ya -20°C kwa mphindi 5. Methanol yozizira sivuta chifukwa imaumitsa zonse nthawi yomweyo. Choopsa ndi kuzizira selo likadali lamoyo. Apa zinaoneka bwino: m'magulu awiri oyerekezera timachubu tinatambalala kuchokera pafupi ndi nyukiliyasi mpaka m'mphepete, pomwe maselo okhala ndi MARK2 yamoyo anali atakhwinyata, ena atabulungika.

Mmodzi wa ophunzira anafuna kupaka timagalasiti antibody (puloteni yogwira chinthu chomwe ikuchizindikira) ya 12E8, yomwe imazindikira tau yokhala ndi phosphate. Koma maselo a CHO si a m'mitsempha, alibe tau yawoyawo. Chomwe MARK2 imagunda mmenemo ndi MAP4.

Lachinayi linali tsiku loyesa kinase mu chubu choyesera: Tris ya 50 mM pa pH 7.4, MgCl2 ya 5 mM, DTT ya 2 mM, ATP ya 100 µM, tau ndi MARK2, pa 30°C kwa mphindi 30. MARK2 yopangidwa mu E. coli imakhala yofooka chifukwa threonine 208 wake alibe phosphate. M'selo, ma kinase ena, LKB1 kapena MARKK, ndi omwe amamata phosphate imeneyo. Tinayamba tasiya MARK2 pamodzi ndi MARKK kuti iidzutse, ndipo tinaikanso chubu cha MARKK ndi tau basi, kuti mzere woonetsa tau yokhala ndi phosphate ukatuluka tidziwe mwini wake. Pa western blot, njira yoonetsera mapuloteni ngati mizere pa nembanemba, tinatchinga nembanembayo ndi puloteni ya BSA ya 5 peresenti m'madzi a TBST, kuti antibody isamate paliponse. Mkaka sitigwiritsa ntchito pano, popeza puloteni yake ya casein ili ndi phosphate ndipo imadetsa chithunzi. Mzere wa 12E8 unatuluka wamphamvu mu chubu cha MARK2 yodzutsidwa, mu cha yakufa munalibe.

Lachisanu kuwerenga maselo kunaulula vuto lina. Maselo okhala ndi MARK2 yamoyo anali ochepa pa galasi poyerekeza ndi a MARK2 yakufa, chonsecho DNA inali yofanana. Selo lomwe lapanga kinase yambiri limabulungika, n'kumatuka, n'kupita ndi madzi otsukira. Otsala pa galasi ndi omwe akhudzidwa pang'ono, kotero chiwerengero chimaonetsa mphamvu ya kinase ngati yochepa kuposa m'mene ilili. Sabata yamawa DNA tiichepetsa kufika 0.2 µg, tidzaumitsa pa maola 12, madzi a m'zitsime tidzawazunguza mu centrifuge kuti tione maselo omatuka, ndipo gulu limodzi tidzalithira taxol, mankhwala olimbitsa timachubu, kuti tione ngati timachubu tikagwiriziridwa selo limakhalabe pagalasi.