Buku lija latuluka abale, zikomo nonse

Abale anga a kuno ku Harare, a ku Tafara, Mabvuku, Mufakose, Dzivarasekwa, komanso inu a kumudzi amene munkawerenga muli ku Dedza ndi ku Ntcheu, nkhani ija tinkatumizirana pa WhatsApp Lachisanu lililonse pano ndi buku ndithu, lamapepala, ndaligwira m'manja dzulo ndipo mpaka pano mtima sunakhazikike. Ndati ndisagone ndisanathokoze.

Kwa amene simunali pa gulupu, nkhaniyi ikuchitikira m'katauni ka mgodi komwe ndinangokapeka, koma aliyense amene anakulira kukomboni akazindikira. Mgodi watsekedwa ngati momwe unatsekedwera wa Mhangura chaka cha 2000, anthu atsala m'nyumba za kampani opanda ntchito, ndiye mkulu wina wosunga buku la sosaite ya maliro akupezeka atafa pafupi ndi shafti yakale, dzenje lotsikira pansi pa mgodi. Anthu akuti ndi mowa. Pasanathe mwezi winanso wafa, naye dzina lake lili m'buku lomwelo, ndipo mtsikana wina, mdzukulu wa woyamba uja, ayamba kufufuza n'kupeza kuti agogo ake anali ndi mayina awiri, limodzi la pachitupa lina lomwe anasiya kumudzi pamodzi ndi mkazi ndi ana. Wakupha sindimutchula pano, enanu munandivutitsa kokwanira ku inbox.

Oyamba kuwathokoza ndi amalume anga, ndipo pano ndichedwapo. Chigawo chachitatu chitatuluka anandiimbira foni atapsa mtima kwambiri, amvekere iwe mwana ukuyanika za m'banja pabwalo, anthu ku tchalitchi akundiloza. Chifukwa ndi zoona, agogo athu aamuna anabwera kuno nthawi ya Federation, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zaka za pakati pa 1953 ndi 1963, anasiya banja kwawo ndipo sanabwererenso, anasanduka mtchona ngati anzawo ambirimbiri. Zakupha zija ndi zopeka zonse koma za mabanja awiri si zopeka, ndipo nyumba zambiri kuno zili nayo nkhani imeneyi kungoti timaikwirira. Amalume anakhala osandilankhula kwa nthawi, kenako tsiku lina anangotulukira kunyumba ndi chikwama cha makalata akale ochokera ku Nyasaland, ena inki itafufutika, n'kunena kuti ngati walemba kale ndiye lemba zolondola. Tinakhala pakhonde mpaka mdima akundiwerengera. Amalume, kalata ili m'chigawo chomaliza ija mtima wake ndi wa makalata anuwo, ndagwira mwendo wanu.

Kenako azigogo a sosaite ya maliro kwathu ku Tafara. Amenewa anandionetsa momwe buku lawo amalembera, dzina la munthu, mudzi, mfumu, boma, mfunda wake, kuti akamwalira uthenga ukafike kwa eni mbumba. Apa m'pamene nkhani yanga inapezera msana, chifukwa munthu ukhoza kunamiza kapitawo wa mgodi, ukhoza kunamiza wolemba zitupa, koma amene adzakuike m'manda suwanamiza. Ine ndimaona kuti mabuku amenewa ndi chuma chachikulu kuposa momwe timawatengera, ena akudyedwa ndi chiswe m'masutikesi, ana athu akadzafuna kudziwa kwawo adzayambira pati?

Bambo aja a ku Rugare amene anagwira ntchito pansi pa mgodi moyo wawo wonse asanabwere kudzakhala kwa mwana wawo, zikomo. Anandifotokozera za keji yotsikira pansi, za malaisha amene ankapakira miyala, kutentha kwake, fumbi lomwe linawasiyira chifuwa mpaka lero, komanso mmene ankalankhulirana ndi azungu Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha kumigodi. Amatsokomola kwambiri koma sankalola kuti tilekeze. Ndi achimwene ena opuma ntchito yaupolisi amene anandikonzera za doketi, fayilo ya mlandu kupolisi, ndi za kupima thupi, anati wapolisi wa m'katauni kotero sathamanga ndi mfuti ngati m'mafilimu, amayenda wapansi ndipo aliyense amamudziwa mpaka amayi ake, zimenezi zinasintha munthu wanga wapolisi yense.

Pali chigawo china chomwe ambiri munalira nacho, pamene mtsikana uja apita kukatenga chitupa n'kuuzidwa kuti ndi mlendo m'dziko lomwe anabadwiramo iye ndi amayi ake omwe. Chimenecho sindinachite kufufuza patali. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001 ambiri a ife zitupa zathu zinalembedwa kuti alien, osavota, pasipoti kuvuta, kufikira malamulo atsopano a dziko a 2013 atanena kuti wobadwira kuno kwa makolo a m'maiko a SADC ndi nzika. Malamulo omwewo ndi amene anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe. Ndiye amene munkandifunsa kuti bwanji osalemba m'Chishona kapena Chingerezi kuti ligulidwe kwambiri, yankho langa ndi lomwelo, anthu a m'nkhaniyi akamakangana usiku chitseko chili chotseka amakangana m'Chichewa, ndipo ine ndinkafuna muwamve momwemo.

Tsopano za chaka chatha. Amayi atadwala ndinasiya kulemba, zonse zinaima, usiku ndili kuchipatala masana ndili ku msika ku Mbare kuti tipeze ya mankhwala, ndipo atatisiya ndinalibenso mphamvu yolemba za imfa ngakhale zopeka, ndinkangoti ndikatsegula foni misozi. Inu a pa gulupu simunandikakamize ngakhale tsiku limodzi. Munabwera kumaliro, amayi a chigwirizano munagona pansi nafe ndi kuimba usiku wonse, ena munatumiza ndalama pafoni pa EcoCash musanandionepo nkhope n'komwe. Mayi wina wa ku Bulawayo ankangonditumizira uthenga Lachisanu lililonse kuti tilipo mwanawe, osafunsa za nkhani ayi, kungoti tilipo basi. Mayi inu mukudzidziwa, Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanga amene ankanditchajira foni ku ntchito kwake magetsi akapita, nkhani yonseyi ndinailemba ndi zala ziwiri pafoni, popanda iwe bwenzi itathera panjira. Aphunzitsi opuma aja a ku Lilongwe amene anakonza kalembedwe, Chichewa chathu cha kuno chimalowa Chishona osadziwa, iwo anakonza mofatsa koma m'makambirano a anthu anasiya momwemo, anati ndi momwe mumalankhulira kumeneko musachite nazo manyazi. Mnyamata wojambula chikuto, anthu akuchiyamikira kwambiri. Ndi akuluakulu a gule amene anandikhazika pansi n'kundiuza malire, kuti izi lemba izi ndi za kudambwe usakhudze, ndinamvera, ndipo ndakondwa kuti m'bukumu gule si wakupha kapena woopseza ana monga ena amamunenera kuno.

Amuna anga, munapirira nsima yochedwa ndi nyali yoyaka mpaka pakati pausiku, zikomo bambo a ana.

Mabuku ndikhala nawo Lamulungu likubwerali tikaweruka ku tchalitchi ku Tafara, a ku Mufakose ndi Dzivarasekwa mng'ono wanga abweretsa mkati mwa sabata. A kumudzi musadandaule, katoni imodzi ikwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete mpaka Blantyre kumapeto kwa mwezi, ndidzalengeza pa gulupu amene akailandire. Azigogo a sosaite ndi bambo a ku Rugare anu ndibweretsa ndekha kunyumba, musalipire kanthu. Ndipo chonde amene mwamaliza kale kuwerenga musaulule wakupha pa gulupu, amalume sanafike kumapeto.