Sabata ya Land Rover ya ku Thyolo

Lolemba m'mawa, ndisanamalize n'komwe tiyi, pagalaja panaima Land Rover ya Series IIA ya mu 1965, ija nyali zake zili pakati m'malo mokhala pamapiko, malata aja a pamwamba pa matayala akutsogolo. Mwini wake ndi bambo wachikulire wa ku Thyolo amene anaigula kalekale ku esiteti komwe ankagwira ntchito. "Amisiri," anatero, "dzana nyali zinandizimira pakati pa chiperoni. Ndinakafika kunyumba mdzukulu wanga atatulutsa tochi pawindo."

Nditangotsegula dashibodi, fungo la waya wopsa linandilandira. Pa galimoto zimenezi swichi ya nyali ndi ya kiyi zili pamodzi: kiyi pakati, chopotokola cha nyali kunja kwake. Moto wonse wopita kunyali umadutsa m'kaswichi kameneko, popanda relay (kaswichi kothandizira kamene kamanyamula moto wambiri m'malo mwake), popanda fyuzi. Ndiye wina anadzaikamo mababu a mawati 100. Awiri oterewa amakoka pafupifupi ma amp 17, katundu amene swichi ya kampani ya Lucas ya zaka zimenezo sanaipangire. Tizitsulo ta mkati tinali titada bii.

Mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito anati, "Bwana, bwanji tingoboola pambali n'kuika swichi ina? Ku Limbe zilipo zotchipa." Ndinakana. Galimoto yakhala zaka zonsezi dashibodi yake ili yosaboola, ndipo sindingaiboole ine. Komanso swichi yatsopanoyo ikanapsa chimodzimodzi chifukwa chopsetsacho chikanakhala chilipobe.

Choncho Lachiwiri lonse linathera pabenchi. Ndinayala nsalu yoyera kuti kasipuling'i kakadumpha ndikaone, n'kumasula swichi ija pang'onopang'ono. Ndinapala tizitsulo ndi sandipepa wosalala mpaka mkuwa unayamba kuwala, ndinapinda pang'ono kamodzi kamene kanafooka ndi kutentha, n'kupaka girizi pang'ono chabe. Nditabwezera, inkalira "ke, ke" pamalo ake onse. Phokoso limeneli limandikoma.

Madzulo ake mnyamata uja anatsala pang'ono kulumikiza batire monga anazolowerera. Ndinamugwira dzanja. Land Rover za mtunduwu zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 ndi za positive earth: waya wa pulasi ndi umene umapita kuthupi la galimoto, osati wa mayinasi monga pa galimoto za masiku ano. Achinyamata athu akulira pa Toyota ndi Nissan, sanazionepo. Ndinamukhazika pansi n'kumuonetsanso mitundu ya mawaya a galimoto za ku Britain: wabulauni ndi wochokera kubatire, wakuda ndi earth (wopita kuthupi la galimoto), wofiira ndi wa timagetsi tam'mbali, wabuluu ndi wa nyali zazikulu. Wabuluu wa mzere wofiira ndi dimu, wa mzere woyera ndi fulu. Ukazisunga m'mutu, galimoto imakuuza yokha kumene waya ukupita.

Lachitatu tinaisiya kaye. Panali minibasi ya alternator yosatchaja ndi Peugeot 504 ya sitata yovuta.

Lachinayi ndi limene tinapeza vuto lachiwiri. Pabatire mita inkawerenga ma volt 12.6, koma panyali pankangofika 10 ndi pang'ono. Swichi yosinthira dimu ndi fulu imakhala pansi, yoponda ndi phazi, ndipo m'kati mwake munali dothi lofiira la ku Thyolo litauma gwaa. Tizolumikizira ta mawaya tinali titabiriwira, waya wa earth utangogwira padzimbiri. Tinatsuka chilichonse chimodzichimodzi. Kenako ndinaika ma relay awiri, wa dimu ndi wa fulu, aliyense ndi fyuzi yake, pamalo obisika kuseri kwa phiko. Ndinasankha opanda diode (kachipangizo kodutsitsa moto mbali imodzi yokha) m'kati poganizira positive earth ija. Tsopano swichi yakale ikungodutsitsa kamoto kochepa kodzutsira relay, katundu wolemera akuchokera kubatire mwachindunji. Mababu ndinabwezeramo a 60/55, pakuti dainamo yake yotchajira batire siingakwanitse oposa pamenepo.

Lachisanu achikulire aja anafika dzuwa likulowa. Anafunsa za mababu a LED amene anaona pa galimoto ya mpongozi wawo. Ndinawauza kuti ambiri mwa amenewo sayaka pa positive earth, ndipo kutembenuza galimoto yonse ndi ntchito ina yofuna kukambirana mofatsa. Tinaiyang'anitsa kukhoma, ndinalinganiza nyali kuti zisathobwe anzawo m'maso pamsewu, n'kuwapempha kuti ayatse okha. Anapotokola, anaponda pansi, khoma lonse linayera mbee. Anapondanso kawiri, katatu, kenako anati, "Mundipatse mababu akale aja, ndikamuonetse amene anandiikira."