Zikomo a Profesa, zikomo nonse: kafukufuku wa ntchito ku Mzuzu watha

Watha, abale. Lipoti la kafukufuku wa ntchito ndi malipiro mumzinda wa Mzuzu alivomereza dzulo, ndipo pepala lomwe tinatulutsamo lalandiridwa ku jenala, magazini yosindikiza za kafukufuku. Ambuye alemekezeke. Nonse mukudziwa mmene zinthu zinayendera, choncho sindibwerezanso za mizere ya mafuta kapena za bajeti yomwe inatsala theka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thupi likadali lofooka, koma ndati ndisagone ndisanathokoze.

Ndiyamba ndi a Profesa. Dzina sinditchula poti iwo sakonda zotamandidwa pagulu, koma a m'gulu lathu mukuwadziwa. Anapuma kale ntchito, pa bajeti panalibe dzina lawo, ndipo sanafunsepo ngakhale ya mafuta a galimoto. Moyo wawo wonse anaphunzitsa ndi kufufuza zinthu ziwiri zomwe ambiri amazilekanitsa: chuma cha dziko lonse, monga mphamvu ya kwacha, chiwongola dzanja ndi kukwera kwa mitengo, komanso nkhani ya ntchito, ndani akugwira, maola angati, akulandira zingati. Kwa iwo ziwirizi ndi buku limodzi la akaunti, ndipo anaonetsetsa kuti lipoti lathu lizisonyeza zimenezo.

Anayambira pa fomu ya mafunso. Funso loti "kodi mumagwira ntchito?" analiletseratu. Mayi wogulitsa tomato pa Zigwagwa kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa amayankha kuti ayi, ndipo ukalemba yankho limenelo wamuika pa malova. Funso loyenera ndi lakuti: m'masiku 7 apitawa, munachitapo chilichonse chobweretsa malipiro kapena phindu, ngakhale kwa ola limodzi? Akati ayi, suthera pomwepo. Umafunsanso chimodzichimodzi: geni, ganyu, kupalasa sakaramento (njinga yonyamula anthu), kuthandiza pa okala ya pakhomo, kuumba zidina. Muyeso wa ola limodziwu ndi wa ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse. A Profesa anatichenjezanso kuti mu 2013, pa msonkhano wa 19 wa akatswiri a ziwerengero za ntchito ku Geneva, tanthauzo la wogwira ntchito linasintha: amene amalima chakudya chongodya pakhomo sawerengedwanso pamodzi ndi ogwira ntchito yolipidwa kapena ya phindu. Kuno nkhani imeneyi ndi yaikulu, chifukwa ku Lupaso ndi ku Msongwe anthu ambiri ali ndi munda kapena dimba. Ndiye pamafunika funso lina: zokolola zanu zambiri mumagulitsa kapena mumadya? Ukalidumpha, manambala ako sangayerekezedwe ndi akale kapena atsopano omwe.

Za ulova anatikhazika pansi nthawi yaitali. Pa muyeso wokhwima, lova ndi munthu amene sanagwire ntchito m'masiku 7 aja, wakhala akuifunafuna m'masabata 4 apitawa, ndipo ali wokonzeka kuyamba ikapezeka. Mnyamata wa ku Chibavi yemwe anatopa ndi kuponya makalata n'kusiya, pa muyeso umenewu sawerengedwa. Mnzake amene wasenza matumba pa depoti kwa maola awiri sabata yonse amawerengedwa ngati wantchito. N'chifukwa chake chiwerengero cha malova m'dziko losauka chimaoneka chochepa: munthu wopanda chakudya sangakhale chikhalire kudikira ntchito yabwino. Choncho tinawonjezera mafunso a maola, a kufuna maola ena, ndi a mtundu wa ntchito: pali kontrakiti yolembedwa? Pali tchuthi cholipidwa? Abwana amaponya ya penshoni? Kafukufuku wa 2013 wa NSO, ofesi ya boma yoona za ziwerengero, anapeza kuti pafupifupi anthu 9 mwa 10 ogwira ntchito m'Malawi ali pa ntchito zopanda chitetezo chotere. Vuto lathu lenileni lagona pamenepo.

Achinyamata amene munayenda ndi matabuleti, yewo chomene. Munakwera zitunda za Masasa mvula ili tsotsotso, munafunsa m'Chichewa, m'Chitumbuka, pena m'Chitonga, ndipo malipiro atachedwa simunataye ntchito. Gawo lomwe anthu saliona ndi kalembera wa nyumba musanayambe kufunsa. Kalembera wa dziko wa 2018 anapeza anthu 221,272 mumzinda uno, koma kuyambira pamenepo Mchengautuwa ndi Zolozolo akula kwambiri, moti mapu a nthawi ija sangakupatse nyumba zonse. Munayenda khomo ndi khomo kulembanso. Pa puloti imodzi pamakhala alandilodi kutsogolo ndi zipinda za lendi kumbuyo, ndipo banja si denga ayi, ndi anthu odyera mphika umodzi. Ukalemba puloti ngati banja limodzi, alendi onse asowa mu deta, pomwe iwowo ndiwo ambiri mwa achinyamata obwera kudzasaka ntchito kuchokera ku Mzimba, Rumphi, Nkhata Bay ndi Karonga.

M'dera lililonse losankhidwa tinkatengamo mabanja 16, monga amachitira a NSO pa kafukufuku wawo wa mabanja. Apa a Profesa sankanyengerera. Ngati dera lili ndi mabanja 240 ndipo watenga 16, banja lililonse likuimira 15. Dera lina likakhala ndi 400, banja likuimira 25. Kenako umachulukitsanso malinga ndi mwayi womwe deralo linali nawo wosankhidwa. Ukaiwala masikelo amenewa powerengera, madera aang'ono amalankhula mokweza kuposa kukula kwawo. China chomwe analetsa ndi kulowa nyumba yoyandikana ukapeza loko pakhomo. Masana amene amapezeka panyumba ndi okalamba, odwala ndi osowa chochita; wa geni ndi wa kabaza ali kumsika ndi pa siteji. Ukamasinthanitsa nyumba, ulova umakwera mu deta yako popanda chifukwa. Njira yake ndi kubwereranso madzulo kapena Lamlungu anthu akaweruka kutchalitchi. Ndipo za ndalama umafunsa mwini wake, osati mkazi kapena mwamuna wake, chifukwa m'mabanja ambiri wina sadziwa zomwe mnzake amapeza.

Ma block leader amene munatitsegulira njira ndi kuuza anthu kuti si za ndale kapena za msonkho, zikomo. Amayi ndi abambo amene munatipatsa mpando n'kutiuza zachinsinsi za m'thumba mwanu, Mulungu akubwezereni pomwe tinakudyerani nthawi.

Ndibwerere kwa a Profesa, poti pa nkhani ya malipiro m'pamene tinaona ukatswiri wawo. Wa kabaza wa njinga yamoto ukamufunsa kuti amapeza zingati, amatchula zonse zomwe zalowa m'thumba tsikulo. Umayenera kuchotsa ya mwini njinga, ya mafuta, ya pa siteji ndi yokonzetsera, n'kufunsanso kuti sabata imeneyo wagwira masiku angati. Wa ganyu pena amalipidwa chimanga kapena nsima ya masana, ndipo zimenezo zimafunika kuikidwa mtengo wa pamsika wa mwezi womwewo. Mwezi nawo ndi wofunika kuulemba, chifukwa ganyu wa mu Januwale, nthawi ya njala, si wofanana ndi wa mu Juni anthu atakolola.

Kwacha itagwa tili pakati pa ntchito, a Profesa anabwera m'mawa mwake ndi pepala lolemba pamanja. Anati ndalama yomwe munthu anatchula mu Okutobala ndi yomwe wina atchule mu Febuluwale musaziike mu mzere umodzi musanazisefe. Kusefa kwake n'kotere: tenga malipiro, gawa ndi nambala ya mitengo ya mwezi womwe munthuyo anafunsidwa, yomwe a NSO amatulutsa mwezi ndi mwezi, kenako chulukitsa ndi nambala ya mwezi umodzi womwe wausankha kukhala poyambira. Patapita miyezi anatipatsa chitsanzo chomwe aliyense angachimve. Malipiro ochepetsetsa a boma anali K50,000 pamwezi kuyambira 2021, ndipo mu Febuluwale 2024 anafika K90,000. Papepala akwera ndi 80 peresenti. Koma m'zaka zitatu zomwezo mitengo inatsala pang'ono kuwirikiza, moti kumayambiriro kwa 2024 inkakwera kuposa 30 peresenti pachaka. Mlonda wa ku Katoto analandira ndalama zambiri, koma thumba la ufa lomwe ankabwera nalo kunyumba silinakule. Ndipo poti chakudya chimatenga gawo lalikulu la ndalama za wosauka kuposa za wolemera, chimanga chikakwera iye amapweteka kuposa mmene nambala ya dziko lonse ikusonyezera.

Anatiletsanso kukopera maganizo a kunja osawayesa. A. W. Phillips mu 1958 anaonetsa, ndi manambala a ku Britain, kuti ulova ukachepa malipiro amakwera msanga. Kwathu kuno mitengo imakwera makamaka chifukwa cha zokolola zochepa, mtengo wa mafuta ndi feteleza, kusowa kwa ndalama zakunja ndi ngongole za boma, osati chifukwa antchito asowa. Banki Yaikulu itafikitsa chiwongola dzanja chake pa 26 peresenti mu 2024, kalipentala wa ku Luwinga sanamve za izo pa wailesi yokha: ngongole inadula, guluu ndi vanishi zinadula, oda anachepa, ndipo woyamba kuuzidwa kuti abwere mawa anali mnyamata wopala matabwa. Mutu wachinayi wa lipoti ukulondola njira imeneyo, ndipo ndi a Profesa anaupatsa msana. Ankatikumbutsa kawirikawiri za malemu Thandika Mkandawire, Mmalawi amene anatsogolera CODESRIA, bungwe la ofufuza a mu Afirika, ku Dakar ndipo anamwalira mu 2020, kuti chuma cha Afirika chimafunika ofufuza ochidziwira pafupi.

Kwa mlongo wathu amene anagwira deta, sindikudziwa ndingakuthokozeni bwanji. Madzulo alionse munkaonetsetsa kuti matabuleti atumiza mafomu pa Survey Solutions, pulogalamu yotolera mayankho, magetsi akazima munkayenda ndi mapawabanki, ndipo fomu yokayikitsa munkaibweza m'mawa ofunsa asanachoke m'deralo. Zomwe zimaononga deta ndi zazing'ono: ziro wowonjezera pa malipiro, ndalama ya pasabata yolembedwa ngati ya pamwezi, nambala yoimira "sindikudziwa" kulowa m'masamu ngati kuti ndi kwacha, munthu wogwira maola oposa omwe ali m'sabata. Lamulo la a Profesa linali lakuti deta yoyamba isakhudzidwe. Kukonza kulikonse kulembedwe mu do-file, fayilo ya malangizo ya pulogalamu yowerengera deta ya Stata, ndi chifukwa chake, kuti wina akadzafuna kubwereza adzapeze zomwezo. Owunika a jenala atafunsa ngati tinaganizira kuti mabanja a dera limodzi amafanana, komanso kuti malipiro timawaona kwa okhawo amene ali pa ntchito, a Profesa anakhala nafe mpaka usiku, maso awo akuvuta choncho, kuyankha mfundo imodzimodzi mopanda mkwiyo.

Alipo ena amene anali nafe pamene alawansi inali yonona, ndipo itachepa mafoni awo anasiya kugwira. Lero ayamba kufunsa ngati dzina lawo lili pa pepala. Pa pepala pali mayina a amene anagwira ntchito. Sindisunga chakukhosi, koma zinatipweteka, makamaka achinyamata aja amene anasenza madera anu pamwamba pa awo.

A kunyumba kwathu tonse, amene munapirira kusowa kwathu ndi kubwereka ndalama ya thiransipoti pamene ya polojekiti inachedwa, zikomo. A kumpingo amene munkatipempherera, pitirizani, ndipo muwonjezerepo a Profesa: Ambuye awachiritse maso, awapatse masiku ambiri, adzaone ana awa akuphunzitsa ena.

A Profesa, bambo athu, munakana kuti dzina lanu likhale pa pepala, munati ndi nthawi ya achinyamata. Tamvera, koma tsamba loyamba la lipoti ndi lanu, ndipo kope yoyamba tibwera nayo kunyumba tokha.

Ofunsa mafunso nonse, makalata anu a umboni asainidwa, bwerani mudzatenge, ndipo amene mudakali ndi chaja kapena chikwama cha tabuleti mubwere nazo. Tikukonzanso chidule cha masamba awiri m'Chichewa ndi m'Chitumbuka choti tikawerenge m'madera onse omwe tinafunsamo. Ma block leader tikuimbirani sabata ya mawa kuti tigwirizane masiku.