Nkhoswe amene anathetsa ukwati usanachitike

Ine chizindikiro cha # ndinachidziwira pa foni ya mabatani. Umayamba ndi nyenyezi, nambala pakati, hashi kumapeto, kenako foni imakuuza kuti ndalama zako n'zosakwanira. *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba, ntchito ya hashi n'kuthera pomwepo. Ndiye tsiku limene khadi la ukwati wa Thandi, mwana wa mchemwali wanga, linafika kwathu ku Ndirande, m'munsi mwake mutalembedwa #UkwatiWaThandi, ndinangoti ana a masiku ano apeza njira yachidule yolandirira perekaniperekani. Ndinawadandaulira chabe kuti hashi aika kutsogolo, nyenyezi aiwala.

Anandichotsa mumdima ndi mchimwene wake wa Thandiyo, wophunzira pa MUBAS, imene ife achikulire timaitchulabe kuti Poly.

"Ankolo, imeneyi si ya ndalama. Ndi hashtag."

Anati zili ngati chikwangwani cha minibasi pa Mibawa: aliyense wa ku Bangwe amakwera yolembedwa Bangwe. Munthu akalemba mawu amenewa pansi pa chithunzi chake, zithunzi zonse za ukwati zimakwera galimoto imodzi, ndipo ukadina mawuwo umaziona zonse. Poti mwana ndi wa sukulu, anapitiriza ndi mbiri yomwe sindinamufunse. Akuti anayambitsa ndi mkulu wina wa ku America, Chris Messina, mu 2007 pa Twitter, polemba #barcamp. Instagram inatengera mu 2011, Facebook n'kutsatira mu 2013. Ndinafunsa ngati mkuluyo analemera nazo. Anati ayi, sanalembetse n'komwe kuti nzeruyo ndi yake. Ndinamumvera chisoni Messina, osadziwa kuti wofunika chisoni ndine.

Panali lamulo limodzi limene mnyamatayo anabwereza kawiri, lokhudza mpata pakati pa mawu. Koma tsikulo Bullets inkasewera ndi Wanderers, ndipo khutu langa labwino linali ku wailesi.

Ukwati unali Loweruka. Lachinayi madzulo ife ankhoswe a mbali zonse tinakumana ku Chilomoni kuti timalize zotsala. Amene munakhalapo nkhoswe mukudziwa kuti "zotsala" ndiye nkhondo yeniyeni: makireti a zakumwa akhale angati, wa zoimbira amulipire ndani, n'chifukwa chiyani akuchimuna abweretsa mayina makumi anayi osakhala pa mndandanda. Tinakokanakokana mpaka mdima, koma tinamvana. Pomaliza wina anatijambula ine ndi nkhoswe ya kuchimuna tikugwirana chanza. Amuna a msinkhu wathu sitiseka pa chithunzi. Nkhope zathu zinali ngati za anthu amene angotuluka kumanda.

Ndili m'minibasi yobwerera, mtima uli mbee, ndinati lero nanenso ndionetse kuti sindine wotsalira. Magalasi ndinali nditawaiwala pa tebulo ku Chilomoni, msewu nawo unali wa maenje, chala changa chachikulu n'chonga chinangwa. Ndinaika chithunzi chija pa Facebook n'kulemba kuti:

"Takambirana mbali zonse ziwiri mpaka usiku. Sizinali zophweka koma tagwirizana chimodzi. Zikomo nonse amene munasonkha. #ukwatiwatha ndi"

Mpata uja sindinauone. Zilembo zazikulu ndinazisiya chifukwa zimatopetsa. Ndipo hashtag, monga ndinadzaphunzirira mochedwa, imathera pamene pali mpata. Mawu amene anaoneka obiriwira, onenepa, oti aliyense adine, anali akuti ukwatiwatha. Ka "ndi" kanatsala kokha kumbali ngati mwana wamasiye.

Foni inathima ndisanafike pa msika wa Ndirande. Kunyumba magetsi kunalibe. Ndinadya nsima yanga ya usipa, n'kugona tulo tabwino kwambiri m'chaka chonsecho.

Amati mawu a akuluakulu akoma akagonera. Anga anagonera usiku umodzi wokha n'kusasa.

Tambala asanamalize kulira, mayi a kunyumba anandigwedeza. "Bambo a Chisomo, dzukani. Mwachita chiyani inu?" Pakhomo panali mchemwali wanga, chitenje atamanga m'chiuno, maso ali psuu.

"Achimwene, mwana wanga wakulakwirani chiyani? Ukwati mukuthetsa pa Facebook, ine mayi wake osandiuza?"

Ndinati mwina ndikulota. Titatchaja foni kwa aneba a sola, inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa malungo. Akanalemba zimenezi mnyamata wa kabaza anthu akanangoseka. Koma walemba ndi nkhoswe, mwini mbumba, munthu yekhayo amene mawu akuti "ukwati watha" amayenera kutuluka pakamwa pake, ndipo waikapo ndi chithunzi cha umboni. Ndani akanakayika?

Thandi anali atalira usiku wonse poganiza kuti akuchimuna amukana. Mkwati naye sanagone, ankayesa kuti ife tamupeza ndi mlandu, moti pofika pakati pa usiku anali atapepesa kale zinthu ziwiri zimene palibe anamufunsa. Zimenezo tinadzazikambirana padera. Mayi wa keke ku Zingwangwa anatumiza uthenga waufupi woti dipoziti sabweza. Abusa anaimba kanayi. Azakhali a mkwati, amene ananyamuka m'mamawa ku Mulanje ndi nkhuku zitatu ndi thumba la mpunga, anamva nkhaniyi ali m'minibasi, n'kutsikira pa Bvumbwe, kuoloka msewu, kukwera yobwerera. Koma amene ndinamumvera chisoni zedi ndi nkhoswe mnzanga wa pa chithunzi. Bamboyo alibe Facebook, foni yake ndi ya tochi, koma abale ake anamuzinga m'bandakucha kumufunsa kuti wagulitsa ukwati pa mtengo wanji.

Cha m'ma 8 koloko amayi anayi a mvano analowa pageti mwakachetechete, mitu ili pansi, kudzatipepesa. Mayi a kunyumba anawaphikira tiyi. Ankandiyang'ana kwinaku akuthira shuga, ndipo ndinadziwa kuti mlandu wanga wina ukudikira alendo achoke.

Mnyamata wa ku Poly uja anafika thukuta lili kamukamu, n'kulanda foni. Kukonza kunatenga masekondi: anachotsa mpata, n'kubwezeretsa zilembo zazikulu. Ndinati tsopano ndipumeko.

"Musapume, ankolo. Anthu ajambula kale screenshot."

Inali itazungulira magulu onse a pa WhatsApp: la banja, la mpingo, la banki m'khonde, ngakhale la anthu amene ndinaphunzira nawo pulayimale. Kumeneko kulibe kukonza. Anandionetsanso kuti zolemba zanga zonse zimaonekera dziko lonse, chifukwa mnyamata amene ananditsegulira Facebook ku Limbe anasiya chitseko chosatseka. Tinayamba kuimbira anthu mmodzimmodzi. Mayunitsi amene ndinatha tsiku limenelo akanagula mbuzi. Azakhali a ku Mulanje anati sakhulupirira za pa foni, pokhapokha nditawatumizira thiransipoti ina. Ndinadina *211#, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo hashi inagwira ntchito imene ndimaidziwa.

Ukwati unachitika, ndipo holo inadzaza kuposa makadi amene tinagawa, chifukwa ena anabwera kudzaona ngati zinalidi zoona. Nthawi ya perekaniperekani, MC anakweza mawu: "Tsopano tilandire amalume athu, a Ukwati Watha, abwere adzauyambitsenso!" Ndinavina ndithu, ndalama zonse za m'thumba n'kuthera m'lichero.

Dzinalo landikanirira mpaka lero ku Ndirande. Sabata yatha ndikugula tomato, mayi wina amene sindimudziwa anandikokera pambali, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Ndinu bambo aja a pa Facebook eti? Wangawu wandikwana. Mumatchaja zingati?"