Mvula ya ku York ndi dzina la a Mapanje

Loweruka lapitali ndinapita ku York, kuno ku England, kukayenda pamwamba pa linga lakale lozungulira mzindawo, poti kumeneko salipiritsa. Kuchokera ku Leeds sitima sitenga ngakhale ola, koma tikiti muzigula kudakali masiku. Ine ndinagulira pasiteshoni pomwepo, thumba linalira.

Mvula inandipeza ndisanafike n'pakati pomwe. Ndinathawira m'kanyumba kena ka tiyi, jekete ili chonyowa, madzi akutuluka m'nsapato. Mipando inali yodzaza, koma agogo ena anachotsa chikwama chawo pampando n'kundikodola. Atamva kuti kwathu ndi ku Malawi, anaika kapu pansi.

"Kwawo kwa a Jack Mapanje! Mwanawe, unawawerengapo?"

Manyazi anandigwira. Dzina ndimalidziwa, koma ndakatulo yawo ngakhale imodzi sindikanatha kuitchula. Agogowo anati anawamvapo akulakatula mumzinda momwemo, ndipo nkhani yonse anali nayo pamtima: kuti anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, kuti anawagwira ku Zomba mu 1987 n'kuwatsekera ku Mikuyu popanda kuwazenga mlandu, kuti atatuluka mu 1991 anasamukira kuno ndi banja lawo, n'kudzaphunzitsa ku yunivesite ya Newcastle komanso ya York St John. Mikuyu ankaitchula molakwika, koma ndinalibe nkhope yowakonza.

Chimene chinandikhudza ndinachipeza pafoni tiyi akuzizira. Digiri ya a Mapanje ya udokotala wa maphunziro (PhD), ya ku University College London mu 1983, inali yofufuza mmene mneni amasonyezera nthawi m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Tangoganizani, mwana wa ku Mangochi amene anakhalira pansi zinthu ngati kusiyana kwa "ndadya" ndi "ndinadya", kenaka n'kudzakalambira kudziko kumene mnansi sadziwa n'komwe "zikomo". Ine ndangotha zaka zinayi kuno, koma ndikaimbira amayi amandiseka kuti lilime layamba kulemera. Nanga iwo, zaka zoposa 30, amalota m'chinenero chanji?

Tiyi ndi sikono analipira ndi agogowo, ndinakana kawiri osaphula kanthu. Sikonoyo inali youma, ndisaname, ya pa Limbe imaposa. Ku Minster, tchalitchi chachikulu cha mumzindawo, sindinalowe, mtengo wapakhomo unandibweza. Sitima yobwerera anailepheretsa osanena chifukwa, moti ndinakhala pabenchi pafupifupi ola lathunthu, masokosi akadali onyowa.