Kodi m'tcheni cha woyeza malo muli ma-angstrom angati?

Masiku apitawa ndinakhala pansi ndi pepala kuti ndiwerengere kuti angstrom, muyeso umene asayansi amayezera maatomu, ndi gawo lotani la tcheni, muyeso wakale wa anthu oyeza malo. Miyeso iwiriyi siikumana pa ntchito iliyonse, popeza wopima munda alibe nazo ntchito za atomu, ndipo wofufuza maatomu sakoka tcheni m'thengo. Chimene chinandikopa n'chakuti yonse iwiri imayeza chinthu chimodzi, chomwe ndi utali, choncho payenera kukhala nambala yoilumikiza, ndipo ndinkafuna kudziwa kuti nambalayo tingaikhulupirire mpaka pati.

Angstrom inatchedwa dzinali pokumbukira Anders Jonas Ångström wa ku Sweden, amene mu 1868 anagwiritsa ntchito muyeso waung'onowu polemba utali wa mafunde a kuwala kochokera kudzuwa. Mu mita imodzi muli ma-angstrom 10 biliyoni. Kuchepa kwakeko n'kumene kumauyenereza pa nkhani ya maatomu: mu dayamondi, maatomu awiri a kaboni oyandikana amatalikirana ma-angstrom 1.54, pamene muyeso wotchedwa Bohr radius, umene umasonyeza kukula kwa atomu ya haidrojeni malinga ndi chithunzi chimene Niels Bohr anapereka, ndi pafupifupi 0.529.

Tcheni chili ndi mbiri imene imandisangalatsa kwambiri. Edmund Gunter, m'busa komanso katswiri wa masamu wa ku England, anachikonza mu 1620 kuti chikhale chotalika mafiti 66, ndipo anachigawa m'mfundo 100 zachitsulo zotchedwa link, iliyonse yotalika mainchesi 7.92. Poyamba nambala ya 66 imaoneka yosankhidwa mwachisawawa, koma munthuyu anaganiza mozama. Matcheni 10 amapanga muyeso wina wakale wa mtunda wotchedwa furlong, matcheni 80 amapanga mtunda wa mailo imodzi, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a tcheni ndi muyeso wotchedwa rod. Chofunika koposa n'chakuti munda wa tcheni chimodzi m'lifupi ndi matcheni 10 m'litali ndi ekala imodzi ndendende. Motero woyeza malo ankangochulukitsa m'litali ndi m'lifupi m'matcheni, n'kugawa ndi 10, basi wapeza maekala. Gunter analowetsa masamu a makumi m'kati mwa miyeso yakale popanda kusokoneza maekala amene alimi ndi eni malo anazolowera.

Chimene chimalumikiza miyeso iwiriyi ndi mita. Mu 1959 mayiko a United States, Britain, Canada, Australia, New Zealand ndi South Africa anagwirizana kuti yadi imodzi ikhale mamita 0.9144 osaonjezera kapena kuchotsera. Popeza tcheni ndi mayadi 22, utali wake ndi mamita 20.1168, ndipo tikachulukitsa ndi 10 biliyoni timapeza ma-angstrom 201,168,000,000. Link imodzi ili ndi ma-angstrom 2,011,680,000, kutanthauza kuti mtunda wa pakati pa maatomu awiri a kaboni a mu dayamondi ungalowemo nthawi zoposa 1.3 biliyoni. Tikatembenuza funsolo, angstrom imodzi ndi pafupifupi magawo 4.97 mwa magawo thiriliyoni imodzi a tcheni.

Apa m'pamene ndinaima n'kudzifunsa kuti ndikunena tcheni chiti. Pa mgwirizano wa 1959 uja, dziko la United States linasungabe fiti yakale pa ntchito yoyeza malo, yomwe ndi mamita 1200 kugawa ndi 3937, kuti zolemba zakale za malire zisasokonekere, ndipo muyesowu unasiya kuvomerezedwa pa ntchito zatsopano kumapeto kwa 2022. Fiti yakaleyi imaposa fiti ya mgwirizano wa 1959 ndi magawo awiri okha mwa magawo miliyoni imodzi. Pa tcheni chimodzi, kusiyanako n'kochepa kuposa kukhuthala kwa tsitsi la munthu, moti palibe woyeza malo angakuone ndi maso, koma mu ma-angstrom n'kopitirira 400,000. Munthu amene walemba yankho la manambala khumi ndi awiri osatchula fiti imene wagwiritsa ntchito wapereka nambala imene theka lake silingadaliridwe.

Tcheni chenicheni chachitsulo chimavutanso kuposa pamenepa. Chitsulo chimatanuka chikatentha, ndipo tcheni cha mamita 20 chimaonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a milimita kutentha kukakwera ndi digiri imodzi ya Celsius, komwe ndi ma-angstrom oposa 2 miliyoni. Kuonjezera apo, mphete zolumikiza mfundo zinkaperepeseka ndi kukokedwa tsiku ndi tsiku, ndipo n'chifukwa chake oyeza malo osamala ankayerekeza tcheni chawo ndi muyeso wosungidwa bwino asanayambe ntchito. Choncho nambala ya 201,168,000,000 ndi yoona kotheratu ponena za tcheni cha papepala, chimene anthu anachita kugwirizana, koma palibe tcheni chogwirika ndi manja chimene chingasunge utali umenewo kuyambira m'mawa mpaka masana.

Sindikuona kuti zimenezi zikuchotsa phindu la masamuwa. Kwa ine, kuona atomu italembedwa m'matcheni kumathandiza maganizo kumvetsa kuchepa kwake kuposa kungomva mawu akuti "gawo limodzi mwa magawo 10 biliyoni", chifukwa tcheni n'chinthu chimene munthu angathe kuchiyenda ndi mapazi. Chimene ndimapempha kwa aliyense wochita masamu oterewa n'chakuti atchule fiti imene watenga, komanso asalembe manambala ambiri kuposa amene muyeso wake woyamba unali nawo. Ine nditatenga Bohr radius ngati ma-angstrom 0.529, ndinapeza magawo 2.63 mwa magawo thiriliyoni imodzi a tcheni, ndipo ngakhale makina owerengera anandipatsa manambala ena ambiri kutsogolo kwake, ndinalemba atatu okhawo chifukwa ndi atatu omwe ndinayamba nawo.